Kompyuta ya Malemu Kadzidzi

Tsiku limene bwana anamuponyera lipoti patebulo, mtsikanayu anakalirira kuchimbudzi. "Likatulukanso chonchi, utenge kachikwama kako uzipita," anatero bwanayo.

Ankamutcha Kabwereza, poti mayeso a sekondale anawalemba kangapo osakhoza. Makolo analibe. Kompyuta anaiphunzira akusesa m'kashopu kotayipira makalata, eni ake akapita kokadya. Ntchito iyi, yotulutsa malipoti pakampani yonyamula katundu, inali yoyamba kumupatsa mpando wakewake, ndipo anali akumuyesabe.

Vuto lake linali loimitsa tsitsi. Lipoti la ogwira ntchito linkabwera m'mawa uliwonse ndi dzina la a Kadzidzi, mkulu amene ankagwira ntchitoyi iye asanabwere. A Kadzidzi anali atamwalira kalekale. Koma lipoti linkati alipo.

"Akuluwa kupuma pantchito anakana," ankatero dalaivala wina, akuseka kwa pamano chabe.

Pulogalamu ya malipoti inkatenga mafunso ofunsira nkhokwe ya deta, mosungira mayina a antchito, m'timafayilo ta mawu. Kabwereza anakonza funso m'fayilo yake kuti lizisiya ochoka ndi omwalira. Anakonza, n'kukonzanso. Dzina lija osachoka, lili pamwamba penipeni.

Wina akanathawa, koma kubwereza iye anakuzolowera. Anawerenga pulogalamuyo mzere ndi mzere, chala chili pagalasi, mpaka anaona kuti fayilo yake sinkawerengedwa n'komwe. Funso linkachokera pakompyuta ina ya muofesi momwemo, imene iye anali asanaionepo.

"Amayi, kodi a Kadzidzi ankakhala pati?" anafunsa mayi wosesa.

"Chipinda chakumapeto uko. Mwanawe, chichitikireni maliro palibe analowamo. Ine ndimasesa n'kulekeza pakhomo."

Anapempha kiyi. Dzuwa linali paliwombo, koma m'chipindamo munali mdima ndi fungo la fumbi. Jekete la malemuwo linali likadali pampando, mapewa ali chiimire ngati muli munthu. M'kapu tiyi anali ataumiramo. Pansi pa tebulo china chake chinkapuma, fuu, fuu, kagetsi kobiriwira kakuphethira.

Kabwereza anafuna kuthawa, koma athawire kwa yani?

"Odi, bambo," ananong'ona, nakhala pampando pomwepo, jekete likumukhudza kumsana.

Kompyuta ya malemu inali isanazimitsidwepo. Mafunso onse ankawasunga mmenemo osauza munthu, monga ena amabisira kiyi pansi pa mwala. Kabwereza anakopera mafayilowo, anawaika poti kampani yonse iziwaona, anawakonza, n'kuilozera pulogalamu njira yatsopano. Kenako anazimitsa makinawo. M'chipindamo munangoti zii, ndipo misozi inamutsika. Sinali ya mantha. Anamva chisoni ndi munthu amene anagwira ntchito yekhayekha mpaka anzake kumuopa.

M'mawa mwake lipoti linatuluka lopanda dzina lija. Bwana analiwerenga, nakanda m'mutu.

"Ntchito ndi yako. Chipinda chijanso uzikhalamo ndiwe, ife ayi."

Inu amene mwakonza chinthu mpaka kutopa koma osakonzeka, musafulumire kunena kuti ndinu mbuli kapena kuti anakulodzani. Mwina mukungokonza pamalo olakwika. Penapake pali chitseko chimene aliyense akuchilambalala. Pemphani kiyi, mulowe, ngakhale mtima ukugunda. Musagwe ulesi, musataye mtima.