Chithunzi cha m'thumba la Ba Dixon

Ba Dixon a ku Kanyama ntchito yawo inali yowotcherera mageti, koma luso lawo lenileni linali kudandaula kuti akazi awo, Ba Mainess, anawaberekera ana aakazi okhaokha anayi. Pa mimba zinayi zonsezo Ba Dixon ku kiliniki sanapondeko. Yachisanuyi anapita, chifukwa anamva kuti sikani imaulula ngati mwana ndi wamwamuna.

Namwino atangoti "ni mwamuna", Ba Dixon anatsomphola chithunzi n'kutuluka, zotsalazo akazi awo anamva okha. Anakachikutira pulasitiki ku Kamwala, n'kumachionetsa m'minibasi ndi kwa aliyense wobwera kudzafunsa mtengo wa geti. Pakati pake panali chinthu chakuda chobulungira.

"Onani chimimba," ankatero. "Uyu ni bwana kudala, akalibe na kubadwa."

Sichinali chimimba cha ubwana. Chinali chikhodzodzo chotupa, chifukwa njira ya mkodzo ya mwanayo inali yotsekeka, ndipo impso zake zinali pangozi. Ba Mainess anawauza katatu konse, koma mawuwo ankalowera khutu ili n'kutulukira linali.

Mwana atabadwa, mkodzo unkangodontha. Adokotala anamuika kapaipi, nati pakufunika opaleshoni yotsegula njirayo, kudzera pokodzera pomwepo. Apa m'pamene makutu a Ba Dixon anatseguka.

"Pamene paja? Mufuna kunisilizila mtundu? Sinisaina."

"Osavutika," anatero Ba Mainess. "Nasaina kudala. Imwe munali ku bala, kuuza banthu vamene azankhala akakula."

Ba Dixon anakhala pabenchi. Anachita mantha, ndipo aka kanali koyamba kuopera mwana m'malo moopera dzina lawo. Komabe chibadwa sichisintha tsiku limodzi: adokotala atatuluka n'kunena kuti zayenda bwino, funso loyamba la Ba Dixon linali lakuti, "Manje azabala?"

Adokotala, mayi wotopa amene anali asanadye chichokereni m'mawa, anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Ba tate, mulekeni ayambe akodza."

Patapita masiku kapaipi kanachotsedwa. Ba Dixon, amene anali atasankha kale maina a zidzukulu, anakhala pambali pa bedi, maso ali pa thewera louma. Ola linatha, lachiwiri n'kuyamba. Theweralo litanyowa, analigwira ndi manja onse awiri, n'kulira pamaso pa azimayi onse a m'wodimo.