Ndinaanula Zovala za Anesi

Tinasamukira ku Boma mwana wanga ali ndi miyezi itatu. Bambo ake anali atapeza ntchito yothandiza amisiri omanga, ndiye tinachita lendi chipinda pamdadada wa makomo asanu, onse oyang'ana bwalo limodzi, mpopi umodzi ndi chingwe chimodzi choyanikapo zovala. Masiku amenewo ndimawakumbukira mwachimbuuzi. Mwana ankayamwa pafupipafupi, tulo sitinkandikwana, ndipo ndinkayenda ngati ndikuwoloka mtsinje wofika m'chiuno. M'mawa nkhungu inkatsika kumapiri n'kukuta bwalo lonse. Ndinkakhala pakhomo nditafunda chitenje, kumaonerera anthu opita kuntchito akulowa m'nkhungumo mmodzimmodzi, n'kutsala phokoso la nsapato lokha.

Sindinkacheza ndi munthu. Anzathu a pamdadadapo anali ophunzira, ochokera kutali. Panali aphunzitsi aamuna, panali a ku ofesi ya zaulimi, ndipo khomo loyandikana ndi lathu linali la anesi ochokera ku Blantyre. Polankhula ankasakaniza Chizungu. Ine wolekezera Sitandade 5 ndinkangoti "ndili bwino, kaya inu," basi n'kulowa m'nyumba. Chimene chinkandidabwitsa ndi maloko. Munthu akupita pampopi pomwepo, koma ayambe wakhoma. Kwathu ku Midzemba chitseko timangochikoka kuti mbuzi zisalowe.

Sabata ina bambo ake a mwana anali ku Matope kumene ankamanga. Tsiku lina m'mawa anesi anachapa mayunifolomu awiri oyera, nsalu za pabedi ndi chitenje chawo chatsopano, n'kupita kuchipatala. Chakumasana kumwamba kunada, mphepo inabwera ndi fungo la dothi lonyowa. Kwathu mvula ikamabwera sufunsa kuti ufa uli pamphasawu ndi wa yani. Umaanula. Ndinaanula matewera anga, kenako za anesi zonse, ndi mapegi omwe. Ndinazipinda bwinobwino, n'kuziika m'beseni kuseri kwa katani.

Mvula inayamba kuimba pamalata. Ndinagona pambali pa mwana, ndipo tulo timene tinandithawa miyezi itatu tinandipeza tsiku limenelo. Ndinalota ndili kudimba kwa amayi, madzi akuyenda m'mizere ya mpiru, ine ndikungowatsata osafika kumene akuthera.

Anandidzutsa ndi mawu a anesi panja.

"Andibera. Masanasana, anthu inu."

"Mwina ndi mphepo, asisi," anatero aphunzitsi.

"Mphepo yake iti yochotsa ndi mapegi omwe?"

"Ya kuno ndi yaukhondo, simukuidziwa."

"Musandiseketse, aphunzitsi. Ndinathawa akuba ku Blantyre, kani anakwera nane minibasi imodzi."

Mayi eni nyumba, amene ankakhala kuseri, anabwera akumanga chitenje. "Pano sipanabedwepo ngakhale supuni. Mufunse aliyense."

Ndinali nditagwira kale beseni lija. Akanangofunsa kuti waanula ndani, ndikanatuluka. Koma mawu akuti kuba anali atatchulidwa kale, ndiye sindinatuluke. Ndinadziona ndikutuluka ndi katundu wa eni ake m'manja, maso onse pa ine, wobwera chatsopano, wosalankhula, wakumudzi. Ndani akanakhulupirira kuti sindikubweza chifukwa cha mantha? Ndinati ndidikire abalalike kaye.

Sanabalalike. Anabwera ena a kutsidya kwa msewu. Wina anati nkhuku yake inasowa mwezi watha. Wina anati mlamu wake anamusolola foni pamsika. Wina anakumbuka sola imene inachotsedwa padenga kwinakwake, chaka chake sanachitchule. Ndinkamva zonse kudzera pachitseko, mwana akuyamwa, beseni lili pamapazi anga. Pofika madzulo dera lathu lonse linali litadzaza akuba, ndipo onsewo anabadwira kuseri kwa katani yanga.

Pomaliza mayi eni nyumba anati, "Mawa mukaweruka tichite chipikisheni, khomo ndi khomo. Amene apezeke nazo asamuke. Sindisunga mbava ine."

Ndinaganiza zambiri. Ndinaganiza zokaziyanikanso pachingwe kusanache, koma wina akanandiona zikanaipiratu. Ndinaganiza za bambo ake a mwana akubwera Loweruka n'kupeza katundu wathu panja. Ndinaganiza za mbiri ikukwera mapiri mpaka kwa amayi, kuti mwana wanu ku Boma waba zovala za anesi.

Kutacha nkhungu inali yambiri kuposa masiku onse. Ndinakoleza makala pambaula, n'kutulutsa simbi imene azakhali anandipatsa paukwati. Maganizo anga anali amodzi: wakuba sasita. Pakamwa panga sipakanatha kundiyankhulira, ndiye ndinati zovalazo zikandiyankhulire. Ndinayala bulangeti pansi. Ndinasita pang'onopang'ono, kuuzira phulusa kuti lisagwere pansalu yoyera, kolala, matumba, mpaka m'mphepete mwa mabatani. Nthunzi inkakwera n'kusakanikirana ndi nkhungu yolowera pawindo, ndipo kwa kanthawi ndinaiwala kuti ndili pa mlandu.

Ndinabereka mwana, ndinanyamula beseni. Kuchoka pakhomo pathu kufika pa anesi ndi mapazi anayi okha.

"Odi."

Anatsegula atavala yunifolomu yadzulo, mswachi uli m'manja. Anayang'ana beseni, anayang'ana ine. Ndinagwada.

"Mvula imabwera," ndinatero. Mawu ena onse amene ndinakonza anathawa.

Anatola yunifolomu imodzi n'kuitambasula. Inali idakafunda.

"Ndiye zagona kuseri kwa khomali?"

"Eya."

"Ine ndikutukwana dzulo lonse lija?"

"Ndimamva."

"Aneba, inu simuli bwino, eti?" Anakhala pansi pakhomo pomwepo, n'kuseka mpaka kupukuta misozi ndi dzanja la mswachi lija. Kenako anaimirira n'kuitana mokweza. "Amayi, aphunzitsi, tatulukani. Wakuba uja wapezeka. Wasitanso."

Zitseko zinatseguka, anthu anayamba kuoneka m'nkhungumo. Aphunzitsi anasuzumira m'beseni n'kunena kuti malaya awo awasiya pachingwe lero lomwe, wakubayo asachite manyazi. Mayi eni nyumba sanaseke. Anandiyang'ana n'kundifunsa.

"Iwe mwana, bwanji osanena dzulo?"

Mwana anatakataka kumsana. Ndinadziwa kuti ndikangoweramitsa mutu, funso limenelo likhala pa ine mpaka tidzasamuke.

"Ndimaopa, amayi. Munali mutanena kale kuti ndi wakuba, ndiye sindinadziwe potulukira."

Anapukusa mutu, n'kumanganso chitenje chawo. "Dzuka apo, pansi panyowa. Chipikisheni chatha." Anatembenukira kwa anesi. "Ndipo inu mukawauze a kutsidya aja kuti pano sipanabedwe. Muyambe ndi wa nkhuku uja."