Tepi ya Azakhali

Azakhali anga ndi atelala, ndipo anabadwa ndi matenda a magazi otengera kumtundu, aja amati sikoselo. Mutu ukawagwira, sagona ayi. Amachotsa tepi yoyezera m'khosi, n'kuimanga zolimba pamphumi, makina n'kumalirabe.

Chaka chatha ndinawaperekeza kukajambulitsa ubongo. Adokotala anatilozera timadontho toyera pachithunzi. Anati ndi zipsera, magazi ankatsekeka m'timitsempha mwakachetechete, mwina kuyambira ali mwana.

"Mayi, simuiwalaiwala?"

"Mayina ndiye amandithawa," anayankha azakhali. "Ngakhale mwana wa mchimwene wangayu ndimangoti iwe."

Kenako anawayang'ana adokotalawo kuyambira m'khosi mpaka m'manja.

"Koma inu munabwerapo kwanga, papita zaka zisanu ndi ziwiri. Jekete la ukwati. Phewa lanu lakumanzere ndi lotsika, ndinaikamo kansalu kuti lisaoneke lotsika."

Adokotala anagwira phewa lawo. Anayang'ananso chithunzi chija nthawi yaitali.

"Ngakhale akazi anga sadziwa zimenezo," anatero chapansipansi.

Azakhali anali atatulutsa kale tepi m'chikwama.

"Taimirirani. Mwanenepa."