Chikho cha ku Russia chimene ndinakwecha

Ine chiwiya chakuda sindigwirizana nacho. Kwathu mkazi amadziwika ndi kunsi kwa poto wake, ndipo khalidwe limenelo ndinafika nalo kutsidya kwa nyanja, ku South Bend, kumene ndinkasamalira mayi ena okalamba amene mutu unali utayamba kuwasokonekera.

M'kabati mwawo munali chikho cha siliva chooneka ngati bakha wopanda mutu, chogwirira chili ngati mchira. Agogo awo anachokera nacho ku Russia atachikulunga m'shawelo. Ankamwera pa ukwati basi, mkwati ndi mkwatibwi, kenako chibwerere m'kabati. Koma kuda kwake! Maluwa ozokota m'mbali mwake anali bii ngati mphika wa nyemba. Ndikamapukuta fumbi chinkandinyansa, mumtima n'kumati, anthu olemera chonchi kulephera kutsuka kapu imodzi?

Lachinayi lina mayiwo akugona masana, ndinachikwecha ndi kawaya ka mapoto ndi soda. Chinayera kuti mbee, ine n'kudziyamikira. Safunsa anadya phula. Nditaweruka ndinawaonetsa bambo akunyumba chithunzi pafoni, iwo n'kugwira kumutu.

"Mayi a ana, zakudazo amisiri anachita kuikamo dala! Koma musayerekeze kukadzilipota. Akakufayalani, ejensi ina yopezera anthu ntchito sikutenganinso. Ndiye anawa adya chiyani, sinowo wogwa m'nyengo yozizirayu?"

Loweruka kunabwera mwana wamwamuna wa mayi okalamba aja, wa ku Indianapolis. Chikhocho ankati adzapatse mwana wake wamkazi pa ukwati. Anachitembenuza pawindo, n'kuona mizere ya kawaya paliponse, maluwa atafufutika. Ine sanandiyang'ane n'komwe. Anatembenukira kwa mayi ake.

"Amayi, mwachita chiyani? Sabata yatha munaika nsapato m'firiji, lero izi?"

Mayiwo anachiyang'ana nthawi yaitali. "Kaya, mwina ndine," anatero motsitsa mawu. "Pepa, mwanawe."

Ndinali chiimire pakhomo la khitchini, thireyi ya mankhwala ili m'manja. Ndinkaopa, ndipo ndinkadzinyansa chifukwa cha manthawo. Mwanayo anandiitanira pambali n'kunena kuti zafika apa nyumbayi siwayeneranso, kuli bwino awapezere malo kosungira okalamba. Ndiye poti ndimaswera nawo tsiku lonse, ine ndikuona bwanji? Ndinayang'ana pansi n'kuti zoterezi zimachitikadi.

Patatha milungu itatu, ndine ndinawalongedzera zovala, kuchotsa m'makabati a nyumba imene anakhalamo chikwatiwire. Tikutuluka anandigwira dzanja mwamphamvu n'kundinong'oneza kuti kumene tikupitako ndiziwabisira zinthu zabwino, poti manja awo masiku ano angowononga. Ndinati chabwino, Mayi, n'kuwamanga lamba wa m'galimoto.