Mapazi a Apongozi Anga

Nditakwatiwa ku Misuku, chinthu choyamba chimene alamu anga aakazi anandiphunzitsa sichinali kutchola khofi kapena kuphika nthochi. Anandikhazika pansi n'kundiuza za apongozi anga aamuna, bambo a mwamuna wanga. Osawayang'ana kumaso. Osakhala nawo pamphasa imodzi. Osawapatsira chinthu pamanja. Mukakumana panjira, iwe patuka, lowa m'munda, uyang'ane kumbali mpaka adutse. Mabanja ambiri anazisiya kale zimenezi, koma pakhomo pathu zinali zikadalipo, ndipo ine mwana wa ku Dedza, wapakamwa posatseka, ndinayenera kuzolowera.

Choncho kwa zaka zonsezo apongozi anga ndinkawadziwira kumapazi. Ndinkadziwa zidendene zawo zong'aluka, nsapato zawo za matayala, ndi kayendedwe kawo kofulumira ngati munthu amene wasiya mphika pamoto. Mukanandionetsa chithunzi cha nkhope yawo mwina ndikanakayikira, koma mapaziwo ndikanawaloza ngakhale pakati pa msika.

Tsiku limene tinachita ngozi tinkapita kuboma. Mwamuna wanga amalondera nkhalango ya Mughese, ndipo sabata imeneyo anali m'kati mwenimweni, kumene foni sigwira. Galimoto inali ya mwana wa mchemwali wawo wa apongoziwo, kapikapu kokalamba kamene kankanyamula mudzi wonse: odwala, akwati, feteleza, ngakhale maliro. Apongozi, mwaulemu wawo, anakhala kutsogolo ndi dalaivala, yemwe anali mwini galimotoyo. Ine ndinakwera kumbuyo pamodzi ndi amayi ena, pamwamba pa matumba a khofi ndi mikoko ya nthochi.

Kunali kamvula kowaza, ndipo msewu unali woterera ngati therere. Titafika potsetsereka pena, ndinangomva injini ikulira mwachilendo, galimoto n'kumathamangirathamangira. Mabuleki anali atakana. Apa ndiyenera kunena chilungamo: dalaivalayo anaganiza msanga. M'malo moilola kuti ilowere kuphompho, anaikhotetsera kuchipupa cha phiri. Inagunda, n'kugona cham'mbali. Ine ndinadzipeza ndili chagada pa nthochi zophwanyika, dzanja lamanzere litatupa pamfundo, chitenje chili uko.

Anthu anathamangira kuchokera m'minda. Wamalonda wina amene ankadutsa pa njinga yamoto ankangotipepesa kuti, "Pole, pole, amama," uku akutidzutsa mmodzimmodzi. Apongozi anawatulutsira pazenera. Anaimirira okha, n'kusasa buluku lawo, ndipo aliyense wowafunsa ankamuyankha chimodzimodzi, m'chinenero cha kuno, kuti ali bwino.

"Nili makora. Onani anzanuwo, ine nili makora."

Kenako abambo anapatukira pambali kukanong'onezana. Nkhani inali yakuti inshuwalansi ya galimotoyo inali itatha kalekale, komanso pepala lake linali lonyamulira katundu, osati anthu. Apolisi akanamva, dalaivala akanalowa m'madzi, ndipo mudzi ukanatsala wopanda galimoto. Amene anaigamula nkhaniyo anali apongozi anga omwewo.

"Palije wafwa apa," iwo anatero. "Iyi ni nkhani ya pa nyumba. Wopita kuchipatala akanene kuti wagwa m'munda."

Aliyense anavomera. Kwathu kuno nkhani ya pachibale imathera pabwalo la nyumba, ndipo wokaitulutsa kunja amaoneka ngati mfiti. Amuna anatsala n'kumadzutsa galimoto ndi zingwe, ena tonse tinayamba kubwerera kumudzi wapansi. Apongozi anali patsogolo, ine pambuyo pawo chapatali, maso pansi monga mwa nthawi zonse.

Mapazi aja sanali amene ndinkawadziwa. Ankakwekwereza nsapato, phazi lamanzere likuponda mwamantha ngati pali minga. Munthu amene ankakwera mapiri amenewa osapumira anaima kangapo, akunamizira kuyang'ana khofi wa eni ake. Nditakweza maso pang'ono ndinaona thukuta likutsika m'khosi mwawo, chonsecho kunkazizira moti ine mano ankagundana. Dzanja lawo linkapita paphewa lamanzere, kenako pansi pa nthiti, n'kubwereranso paphewa.

Titafika kunyumba analowa m'chipinda n'kuitanitsa madzi. Atamwa anaitanitsanso ena. Ine ndinapita kukhitchini kwa apongozi aakazi, poti uthenga wanga kwa bambowo unkayenera kudzera mwa iwo.

"Amama, adada sali bwino. Akuyenda mokoka mwendo, ndipo akutuluka thukuta kukuzizira chonchi. Tiwatengere kuchipatala."

Mayiwo anapita, ndipo yankho ndinalimva ndekha kudzera pakhoma.

"Mumuuze mkamwana wanga amange dzanja lakelo. Ine nili makora."

Mkamwana ndiye ine, mkazi wa mwana wawo. Mayi anabwerako n'kutambasula manja, kusonyeza kuti mwini thupi wanena, ife tinganenenji. Ndinakhala pachitsa n'kumadziuza kuti mwina ndikukulitsa nkhani. Koma mawu aja anali opyapyala, osakhala a munthu amene amatsogolera nyimbo kutchalitchi popanda chokuzira mawu. Ndinaganiza za mwamuna wanga akutuluka m'nkhalango n'kupeza anthu atasonkhana pakhomo, ine n'kumamuuza kuti ndinaona koma mwambo unandigwira pakamwa. Zimenezo ndiye ayi.

Ndinadzuka, ndinakankha chitseko, n'kukaima kutsogolo kwawo. Mlamu wanga wina anafuula kumbuyo kwanga ngati waona njoka. Kwa nthawi yoyamba ndinawayang'ana apongozi anga m'maso. Milomo yawo inali yotuwa ngati phulusa, maso atalowa m'kati.

"Adada, mundikhululukire. Mukandilipiritsa nkhuku kapena mbuzi, ndidzalipira muli moyo. Koma panopa tikupita kuchipatala."

Anayesa kutembenuzira nkhope kukhoma, koma ululu unawabweza. Sanayankhe kanthu, ndipo ine kusayankhako ndinakutenga ngati chilolezo. Ndinathamangira pachulu pamene timaimbira foni, n'kuitana wanjinga yamoto. Tinawakhazika pakati, mlamu wanga wamwamuna atawagwirira kumbuyo, ine n'kutsatira pa njinga ina.

Pachipatala chaching'ono cha kwathuko, adokotala atafunsa chimene chachitika, apongozi ananong'ona kuti aterereka m'munda wa khofi. Mlamu wanga anagwedeza mutu kuvomereza. Adokotalawo anayamba kulemba zowapatsa mankhwala opha ululu kuti akapume kunyumba.

"Si m'munda ayi," ndinatero. "Galimoto yagubuduzika m'mawa uno. Iwo anali kutsogolo, mbali imene inagunda. Dzanja langali lathyokeranso komweko."

Mlamu wanga anandiponda chala mwamphamvu, koma mawu anali atatuluka kale. Adokotala anasiya cholembera, n'kuwagoneka apongozi, n'kuwasindikiza pamimba. Bambo wolimba mtima uja anabuula. Nthawi yomweyo anawaika diripi n'kuitanitsa ambulansi. Kuchipatala chachikulu anatiuza kuti kapamba anali atang'ambika, ndipo magazi ankatayikira m'mimba mwakachetechete kuyambira pamsewu paja. Anawalowetsa kochitira opaleshoni, ife n'kutsala pabenchi.

Sindidzaiwala mmene namwino anatulukira madzulo amenewo n'kunena kuti zayenda bwino. Anawonjezera kuti akanagona kunyumba, sakanadzuka. Ndinakhala pansi pasimenti n'kuyamba kulira, kenako kuseka, dzanja langa lili m'chikhakha. Moyo wanga wonse sindinapepukidwepo mtima ngati tsiku limenelo.

Koma nkhani ya ngozi ya galimoto ikafika kuchipatala, imafikanso kupolisi. M'mawa mwake kunabwera wapolisi wamkazi, wolankhula Chichewa cha kummwera. Anawalonjera apongozi aakazi ndi "Monire, amama" wophunzira ukulu, kenako n'kutembenukira kwa ine. Ndinamufotokozera zonse, osaiwala kuti dalaivala ndi amene anatipulumutsa kuphompho.

"Zimenezo ndilemba, mayi," iye anatero. "Koma mabuleki ndi mapepala ndilembanso."

Analembadi. Galimoto anaikokera kupolisi, ndipo dalaivala anakaonekera kukhoti. Sanam'tsekere, koma anamulipiritsa chindapusa n'kumuletsa kuyendetsa kwa kanthawi. Popeza inshuwalansi inali itatha, palibe aliyense wa ife ovulala amene analandira chipepeso. Khofi amene anali m'matumba uja ananyowa ndi matope, n'kugulidwa pamtengo wa zinyalala. Ng'ombe imene apongozi ankainyadira inagulitsidwa kuti tipeze zoyendera, zodyera kuchipatala ndi zothandizira chindapusa chija, pakuti dalaivalayo ndi mwana wathu ndithu. Pikapu ija sinayendenso. Mpaka lero ili kuseri kwa nyumba yake, nkhuku zikuikiramo mazira.

Mudzi unandikwiyira, ndipo sindinganene kuti unalibe chifukwa. Kwa miyezi ingapo odwala ankanyamulidwa pamachira mpaka kumsewu waukulu. Kumpopi amayi ena ankasiya nkhani ndikafika, ndipo mayi ake a dalaivala ankayankha moni wanga akuyang'ana mitambo. Ndinamva kuti ankanditcha wapolisi wa ku Dedza. Zinkandipweteka, sindibisa. Mwamuna wanga yekha ndi amene atatuluka m'nkhalango n'kumva zonse, anandigwira dzanja labwinoli kwa nthawi yaitali.

Dzanja linalo linapola mokhota pang'ono, ndipo kukazizira limandiuza nyengo wailesi isananene. Apongozi anabwerera kunyumba ataonda, ali ndi chipsera chachitali pamimba. Khasu analisiya, ndipo kuchipatala anawachenjeza kuti akangomva kutentha thupi azithamangira komweko, chifukwa munthu wopanda kapamba malungo samuchitira chisoni. Za tsiku lija sanatchulepo. Nkhuku sanandilipiritse, koma sanandithokozenso. Ine ndinabwerera kumwambo wanga, maso pansi, osadziwa ngati mumtima mwawo ndinali mpongozi kapena wapolisi.

Tsiku lina m'mawa, khofi atayamba kuchita maluwa, ndinkachokera kumpopi ndowa ili pamutu. Pakanjira kopita kutchalitchi ndinaona nsapato za matayala zija zikubwera, pang'onopang'ono, ndodo ili pambali. Ndinapatuka n'kulowa m'munda wa khofi, n'kuyang'ana kumbali kuti adutse. Mapaziwo anafika pamene ndinali, n'kuima.

"Mkamwana."

Anali asanandiitanepo maso ndi maso chikwatiwire. Ndowa inagwedezeka, madzi n'kunditsikira kumsana.

"Fumaniko mu khofi umo, mungathothole maluwa. Nkhope yanga munaiona kale, ndipo mukudziwa kuti palije chokongola."

Ndinatuluka ndikuseka, misozi ili m'maso. Iwo anakhosomola, n'kuloza ndi ndodo njira yobwerera kunyumba, ngati kuti kumeneko n'kumene ankapita poyamba.

"Tiyeni. Koma muziyenda kumbuyo kwanga ngati kale, amama. Muzindionera mapaziwa."

Ndinawatsatira mpaka kunyumba, maso ali pa zidendene zong'aluka zija. Ankaponda pang'onopang'ono, koma mapazi onse awiri ankaponda mofanana.