Mayi wa Kombucha Amene Munamutaya M'ngalande

Ofesi ina yotumiza katundu kuno ku Mangochi yandiphera chinthu chamoyo chimene malemu mkazi wanga anandisiyira. Ndikulemba mtima utakhala pansi, kuti pasapezeke wonena kuti ndakokomeza.

Ndifotokoze kaye kwa amene simukudziwa. Kombucha ndi tiyi wosasitsa. Zipangizo zake n'zosavuta: botolo lagalasi la kukamwa kwakukulu, kansalu koyera kovindikira, mphira yomangira kansaluko, ndi sefa. Mumawiritsa madzi malita atatu, n'kuthiramo masamba a tiyi masipuni atatu ndi shuga kapu imodzi, kenako n'kudikira kuti zizizire. Zonsezi zili m'golosale iliyonse kuyambira ku Namwera mpaka kwa Mponda. Chimodzi chokha simungachigule kuno. Ndi chinthu chotuwa, choterera, chophwatalala ngati mbale, chimene chimayandama pamwamba n'kusandutsa tiyiyo kombucha pakatha masiku khumi. Amene amakonza chakumwachi amachitcha mayi.

Mkazi wanga Esinati anasunga mayi wake zaka zisanu ndi chimodzi. Iye anatisiya chaka chatha. Zovala zake abale anagawana, monga mwa mwambo. Botolo lija palibe analifuna, ndipo ndinapitiriza kulisamala monga ankachitira mwini wake. Pagalasipo panali kapepala kamene anamata yekha, chifukwa alendo ankakonda kuvindikira ndi mbale. Analembapo kuti: "MAYI ALI MOYO. MUSATSEKE, AMAPUMA."

Mwezi uno andisamutsa kuchoka kusukulu imene ndinkaphunzitsa ku Namwera kubwera kuno ku boma. Katundu anakwera lole. Botolo ndinaopa kuti pa lole, m'makhota otsika ku Chowe, lisweka. Choncho Lachinayi, 8:15 m'mawa, ndinalipereka kunthambi ya ofesiyi ku Namwera, tiyi nditapungula kusiya makapu awiri okha, botolo lili m'ndowa yoyalidwa chitenje. Ndinafotokoza zonse. Mtsikana wa pakauntala anandilonjeza kuti likhala kutsogolo, pambali pa dalaivala. Nambala yanga ya foni anailemba palisiti ndi zilembo zikuluzikulu.

Ndinafika kuofesi yawo ya kuno 2:40 masana. Bambo wa pakauntala anati galimoto sinafike. Galimotoyo inali itaima panja, ndikuiona pawindo. Nditamulozera, anati amene ali ndi kiyi wa chipinda cha katundu wapita kukadya. Nthawi ya 3:30 anati ndidikire abwana. Kodi ndowa imodzi imafuna abwana? Palibe amene ankandiyang'ana m'maso.

Nthawi ya 4:10 anatulutsa ndowa yanga. Botolo linali lopanda kanthu, lotsukidwa, likununkhira sopo. Kapepala kaja anali atakapala.

Ndinafunsa kuti zimene zinali m'katimo zili kuti.

"Aphunzitsi," anatero wa pakauntala uja, "ife timanyamula katundu. Anthu sitinyamula m'mabotolo."

Anzake awiri amene anakhala pamatumba a mpunga anaseka.

Ndinati sindikumva.

"Mwalemba nokha kuti muli amayi. Amoyo. Opuma. Dalaivala atawerenga, wallahi anatsala pang'ono kutigwetsera galimoto kuphompho. Ine ndavundukula, ndaona ndi maso angawa. Chinthu ngati chiwindi, chili ndi timitsitsi kunsi. Mukufuna kulemera, lemerani, koma osati kudzera muofesi muno."

Apa m'pamene ndinazindikira. Anaganiza kuti ndakhwima, kuti mayi anga ondibereka ndawaika m'botolo kuti ndipeze chuma. Mphunzitsi wa sayansi, wosamuka pa lole yobwereka.

Ndinamuuza kuti ndi tiyi ndi shuga basi. Anati tiyi sapuma. Ndinati ndionetseni pamene mwataya. Ananditengera kuseri kwa ofesi. Mayi uja anali m'ngalande, padzuwa la Mangochi lino, atamuthira mchere ndi palafini. Anali atayamba kale kuuma m'mbali. Ndinagwada n'kumugwira. Panalibe chopulumutsa. Chinthu chimenechi chimafa ndi sopo chabe, nanji palafini.

Abwana awo anafika 4:50. Anamvetsera, ndipo sanaseke, zimenezo ndiwayamikire. Koma anati antchito awo anachita mwamantha, ndipo munthu wamantha sadzudzulidwa. Anati botolo ndalandira lathunthu, lotsukidwa kale, ndiye palibe chasowa. Kenako anandifunsa kuti, "Nanga achimwene, chinthucho sangakupangireni china? Kumsika kulibe?"

Kumsika kulibe, bwana. Ngakhale chikanakhalako, sichikanakhala chimene Esinati ankachinyamula ndi manja ake Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, akundiuza kuti ndisambe m'manja ndisanayandikire.

Mantha awo sindikuwanyoza. Ndinakulira m'dziko lomwelino, ndipo nkhani za anthu okhwima ndimazidziwa. Ndikuvomerezanso kuti mawu a pakapepala paja akhoza kudzidzimutsa munthu wosadziwa. Koma inu a kuofesiyi, mantha sanakuletseni kumasula mphira. Sanakuletseni kunyamula botolo mpaka kuseri, kukagula palafini, ndi kupala zolemba za munthu wakufa ndi mpeni. Anangokuletsani chinthu chimodzi, kuimba foni. Nambala inali palisiti. Ndani anakupatsani mphamvu yotsegula katundu wa munthu? Ngati munamuopa, bwanji simunamuike panja n'kundidikira? Ndipo bwanji munandikhazika pabenchi ola ndi theka, mukudziwa kuti chinthucho chikuuma kuseri kwa khoma limene ndinatsamira? Ndikufuna mayankho a mafunso amenewa, olembedwa, osati apakamwa.

Kwa inu amene mumakonza kombucha: mayi wanu munyamuleni pamiyendo panu. Musamusiye m'manja mwa munthu wina.

Pomaliza ndili ndi pempho. Mayi wa kombucha amabereka mwana pamwamba pake nthawi iliyonse, ndipo Esinati ankagawira anzake anawo m'timabotolo. Maina awo sindinawasunge, chifukwa sindinkaganiza kuti ndidzawafuna. Ngati muli ku Namwera ndipo munalandirako kwa mayi wina wamtali amene ankasoka mayunifomu pafupi ndi msika, ndipo wanuyo akadali moyo, chonde ndilembereni. Kachidutswa kakang'ono ndi tiyi wake theka la kapu n'zokwanira. Ndidzabwera ndekha kudzatenga.