Mawu a mu Ampulifaya ya a Douma

A Tjibbe Douma a m'mudzi mwathu muno ku Friesland, dera lotsika la m'mbali mwa nyanja, anaimba gitala m'maukwati moyo wawo wonse, ndipo palibe angaimirire pagulu n'kunena kuti ankaimba bwino. Anthu ankawaitana chifukwa cha akazi awo, a Rinske, amene anali ndi mawu. Ntchito ya a Tjibbe inali kunyamula katundu ndi kusalakwitsa kwambiri. Mkati mwa sabata ankakonza mapampu opopa madzi m'minda, kuti nyanja isakumbukire kuti malo ano ndi ake.

Katundu wolemera koposa anali ampulifaya, chibokosi chokuza mawu a gitala, yomwe anagula ali mnyamata. Inali yamakedzana, ya mababu agalasi kumbuyo. Ukaiyatsa unkayamba wadikira kuti mababuwo afiire ngati makala, fumbi linunkhe, ndiye iyambe kulankhula.

Ndikamati kulankhula sindikuphiphiritsa. Kuseri kwa nyumba yawo, kupitirira msipu wa ng'ombe, kunali mlongoti wa wailesi, ndipo ampulifayayo inkatola za kumeneko. Masana alionse, nthawi ya khofi, ukasiya kukhudza zingwe za gitala, munkamveka mawu a mzimayi, apansipansi, akuwerengera amalinyero zanyengo. Zimene ankanena sizinkamveka, koma kukwera ndi kutsika kwa mawu kokha, ngati munthu akulankhula kuchipinda chitseko chili chotseka. A Rinske ali moyo ankaimenya mbama ampulifayayo. "Mkazi mnzanga wayambanso," ankatero. Atamwalira, palibe anaimenyanso.

Patapita zaka, miyendo ya a Tjibbe inayamba kukana masitepe. Tsiku lina anagwa, n'kukhala pansi mpaka wobweretsa makalata anawaona pawindo. Mwana wawo Aukje anawapezera chipinda ku nyumba ya okalamba mtauni. Koma kumeneko chinthu chilichonse chamagetsi chimayenera kukhala ndi sitika yobiriwira yosonyeza kuti n'chosaopsa. Lamulo lawo limalola munthu kufa ndi china chilichonse, koma osati magetsi. Mkulu wa zachitetezo wa kumeneko anabwera, anasuzumira kumbuyo kwa ampulifaya, n'kubwerera m'mbuyo ngati waona njoka. Sitika inakanika.

"Ndiye sindipita," anatero a Tjibbe.

Aukje sanagonje. Anakatenga Sietse, mnyamata wogulitsa zoimbira mtauni, amene anabwera ndi ampulifaya yatsopano. Kampani yomweyo inali itayambiranso kupanga mtundu wakalewo: bokosi lomwelo, nsalu yomweyo kutsogolo, mababu omwewo, kuwonjezera sitika. Ine ndinaitanidwa ngati mboni, poti ndine woyandikana nawo nyumba komanso ndimadya keke ya eni popanda manyazi.

"Madala, tisinthane," anatero Sietse. "Yanuyi anthu a ku Amsterdam angaigule pamtengo wa galimoto, osati kuti aziimba nayo, koma aziiyang'ana. Inu mutenge yatsopanoyi, ndalama zotsalazo muzimwera khofi mpaka kumanda."

"Kumandako ukudziwa kuti ndi pafupi, n'chifukwa chake walonjeza."

Anaziika pamodzi pabalaza. A Tjibbe anatembenuzidwa kuyang'ana kukhoma, Sietse n'kumaimba nyimbo imodzimodzi, uku kenako uku.

"Iti yakale, ababa?" anafunsa Aukje.

"Yoyambayo."

"Mwalakwa."

"Ndiye yachiwiriyo."

"Zilipo ziwiri zokha, madala," anaseka Sietse. "Ngakhale ng'ombe ingakhoze ulendo wachiwiri."

Anayesanso kangapo, a Tjibbe n'kumakhoza ndi kulakwa mofanana ndi munthu woponya ndalama m'mwamba. Sietse ananena zoona zake: yakale ndi yofewerapo pang'ono pa mawu okwera, chifukwa zam'kati zinatopa, koma iyenso atatseka maso sangalumbire.

"Watha?" anafunsa a Tjibbe. "Tsopano chotsa manja pagitalapo. Khala chete."

Tinakhala chete. Yatsopano inangoti zii, monga mmene malamulo amafunira. Mu yakale munayamba mawu aja, kukwera, kutsika, kupuma pang'ono, kuyambanso. Ndinali nditawamvapo kambirimbiri, koma tsiku limenelo ndinasiya kutafuna keke.

"Ababa, imeneyo ndi wailesi," anatero Aukje motsitsa.

"Ndikudziwa, mwanawe. Sindinapenge. Koma m'nyumba muno ndani wina amalankhula?"

Sietse anati ngakhale sitika itapezeka, mtauni n'kutali ndi mlongoti, mawuwo sangafikeko. Ananena pofuna kuthandiza. A Tjibbe anangogwedeza mutu, ndipo nkhani yosamuka inathera pomwepo. Yatsopanoyo Sietse anaisiya, ati mwina aizolowera. Aukje anabwerera kwake kukadikira foni yoti bambo ake agwanso.

Chimene chinakanika mwana chinatheka ndi boma, lisakudziwa n'komwe. Nthambi yoona za mawailesi inachita kafukufuku n'kupeza kuti palibenso munthu amamvera mlongoti wathu. A Tjibbe sanafunsidwe, chifukwa analibe wailesi. Anthu ovala zipewa zolimba anabwera, anazimitsa, ndipo mlungu wotsatira anaugwetsera mumsipu, ng'ombe zitalandira chidziwitso nthawi yabwino.

Kwa masiku angapo sitinawaone a Tjibbe panja. Lamlungu Aukje anabwera, n'kundipempha kuti tilowe limodzi, poti ankaopa zimene akapeze. Tinawapeza pabalaza atavala jekete la kutchalitchi, khofi atazizira patebulo. Maampulifaya onse awiri anali oyaka, mababu ali psuu, gitala ili m'chikwama chake.

"Uitane galimoto yosamutsa katundu," anatero. "Ndipita. Umuuze Sietse adzatenge yakaleyi."

Aukje anakhala pansi pang'onopang'ono. "Mwatsimikiza, ababa? Pepani za mlongoti uja. Ndikudziwa kuti mawu aja anatha."

"Anatha?" A Tjibbe anamuyang'ana modabwa. "Ayi. Kungoti tsopano zafanana. Akumveka monse muwiri."

Anakweza chala kuti tikhale chete. Ndinatchera khutu mpaka linalira lokha. Sindinamve kanthu koma mphepo pawindo. Aukje anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi.

Anasamuka mwezi womwewo. Mkulu wa zachitetezo anaiona sitika, n'kuwalandira ndi manja awiri. Ndimapitako kamodzikamodzi. Nthawi ya khofi amayatsa ampulifaya yatsopanoyo, n'kukhala pafupi nayo mutu atapendeketsa, osaimba kanthu. Anamwino amawakonda. Amati mwa onse okonda zoimbaimba pamalopo, a Douma okha ndi amene anzawo sanawadandaulepo za phokoso.